Dalaivala wa Laimu

Zaka zanga zinali khumi ndi chimodzi pamene ndinamanga njanji pa chitseko. Chinali chitseko chakale chimene chiswe chinadya m'munsi, ndipo akapitawo a komboni ya anthu a njanji ku Kafue anachitaya kuseri kwa nyumba yathu. Ufulu unali udakali wakhanda. Mbendera yatsopano inali isanasuluke ndi dzuwa. Kusukulu, aphunzitsi athu a Tembo analamula kuti pa tsiku lokumbukira ufulu mwana aliyense adzabweretse chinthu chopanga ndi manja ake, choonetsa dziko lathu. Anzanga ambiri anasankha mabwato a asodzi a ku Chanyanya ndi magalimoto a waya. Ine ndinasankha siteshoni yonse, ndi mlatho wake womwe.

Atate, a Banda, anachoka kwathu ku Katete ine ndisanabadwe, ndipo ankagwira ntchito kushedi, kumene injini za malasha zinkapumulira. Ntchito yawo inali kupukuta injini, kuchotsa phulusa ndi kuthira mafuta m'munsi, pakati pa mawilo. Ankafika kunyumba akununkha girisi ndi utsi. Sanali munthu wolankhula. Mawu awo kwa ine ankakhala otuma basi: tenga ichi, tseka apo, itana amako.

Chitseko chija ndicho chinawatsegula pakamwa.

Tsiku loyamba ndinali nditakhomera mawaya awiri, ndikuwakhotetsa mmene mtima wanga unafunira. Atate anaima pambuyo panga ndi nsapato zawo m'manja.

"Njanji yokhota ngati njoka yopondedwa iyi unaiona kuti?"

"Ndangoganiza, atate."

"Usaganize. Pita ukaone. Chimene sunaone ndi maso ako usachiike pa chitseko ichi."

Anakoka chitini n'kukhalapo. Madzi awo osamba anazizira tsiku limenelo, amayi n'kumadandaula.

Lamulo lawolo ndinalisunga ngati lochokera m'Baibulo. Ndikaweruka kusukulu ndinkakhala pa chulu pafupi ndi mpanda wa siteshoni, kuyang'ana. Ndinaona kuti njanji imakhota pang'onopang'ono, ngati yosafuna. Ndinaona kuti injini zazikulu zija zinali ndi thanki ya madzi kutsogolo, malasha kumbuyo, ndipo mphika wa nthunzi unkalendewera pakati. Ndinawongola waya wa mpanda pouzunguliza pa mtengo ndi kuukoka. Mitanda ya pansi pa njanji ndinadula ku bango n'kuidetsa ndi mafuta otha ntchito. Timiyala ndinasefa ndi sefa ya ufa ya amayi, ndipo ndinalipira ndi khutu langa. Mlatho ndinaluka ndi masipoko a njinga, mtsinje ndinayala ndi zidutswa za botolo lobiriwira. Mphika wa injini unali chitini cha mkaka. Mawilo anali zitsekerero za mabotolo, ziwiriziwiri, zokhomedwa moyang'ana kumbali kuti mlomo wake ugwire waya. Nzeru imeneyo inali ya atate, ndipo sitima itayenda koyamba osagwa anaseka mpaka ndinaona dzino lawo lakumapeto, limene ndinali ndisanalionepo.

Madzulo aliwonse dzuwa lisanalowe tinkakhala pamenepo. Ankandiuza chifukwa chake ngolo, kapena kuti bogi, ya gadi woyang'anira sitima imakhala kumapeto, chifukwa chake bogi ya malasha ilibe denga, ndi mmene injini imalirira ikamakwera chitunda ili ndi katundu wolemera. Nthawi zina ankabwera ba Mweemba, a nyumba yoyandikana nafe, Mtonga wa m'mbali mwa mtsinje amene ntchito yawo inali kutembenuza njanji pa mphambano. Anali munthu wa nthabwala, wosatha kuona chinthu osachigwira.

"Iwe mufana, iyi bogi ya ng'ombe ilibe mphepo," anatero tsiku lina akuitembenuza m'manja. "Ng'ombe zako zizafika ku Lusaka zili nyama yophika kale."

"Ikani pansi, a Mweemba," atate anayankha. "Inu mukaona ng'ombe, ngakhale ya chitini, mtima umathamanga."

"Nanga imwe a kum'mawa muziba chani? Mbeba siikwela sitima."

Anaseka onse awiri, koma mawa lake ndinaboola mipata m'mbali mwa bogiyo, chifukwa nditapita kukaona ndinapeza kuti ba Mweemba ankanena zoona.

Sabata imeneyo ndi pamene atate analonjeza. Anati chitseko n'cholemera, tidzanyamula awiri, ine kutsogolo iwo kumbuyo, ndipo sitidzadzera njira yachidule koma pamsika, kuti anthu aone. Za mphoto ya kusukulu sindinkasamala kwenikweni. Chimene ndinkafuna chinali ulendo umenewo, kudutsa pamsika ndi atate, titanyamula chinthu chimodzi.

Pali china chimene komboni yonse inkadziwa. Kunamveka kuti tsopano anthu akuda ayamba kukwezedwa pa injini, poyamba kukaponya malasha pamoto, kenako kuyendetsa. Atate anapereka dzina lawo. Ankati, "Chaka chino ndikwera." Miyezi inapita osaitanidwa. Oyendetsa anali omwe aja, azungu okhala m'nyumba za mipanda ya maluwa kutsidya kwa njanji, amene akafuna atate ankakuwa m'chilapalapa, chinenero chosakaniza cholamulira antchito, n'kumawatcha boyi, munthu wa ana anayi.

Njanji ndi mabogi zitatha, panatsala anthu. Ndinakatapa dongo m'mbali mwa mtsinje. Ndinaumba apaulendo okhala pa mitolo yawo, mayi wogulitsa nsomba zouma, ndi ba Mweemba atagwira chitsulo chawo chotembenuzira njanji. Atate ndinawaumba mosamala kuposa onse, monga ndinkawaonera pa mpanda paja: atawerama pansi pa injini, mutu pakati pa mawilo, kansanza m'manja. Pomaliza ndinaumba dalaivala, ataimirira m'kachipinda kake, chigongono pa zenera. Ndinapala laimu pa miyala yopakidwa ya pa siteshoni, kumusungunula m'kachitsekerero, n'kumupaka kumaso ndi m'manja.

Sindinaganize kawiri. Kwa ine dalaivala wa sitima ndi mzungu anali mawu amodzi. Wina ndinali ndisanamuonepo.

Ndinawaumika padzuwa kuseri kwa khitchini kuti ndidzawaonetse atate onse pamodzi. Lamlungu masana, titabwerako kutchalitchi, ndinaika aliyense pamalo pake n'kuwaitana. Anabwera akutafuna nzimbe. Anayamba ndi mayi wa nsomba, kugwedeza mutu. Ataona ba Mweemba anamwetulira. Kenako maso awo anafika pa injini.

"Uyu ndani?"

"Dalaivala."

"Chamutuwitsa n'chiyani?"

"Laimu, atate. Ndi mzungu."

Analavula zotsala za nzimbe. Anawerama, kusuzumira pansi pa chitini cha mkaka.

"Nanga uyu?"

"Ndinu."

Ndinkayembekeza kuti aseka, chifukwa ngakhale kapusi yawo yopindika ndinaifanizira bwino. Sanaseke.

"Ufulu wonsewu," anatero, mawu ali pansipansi, "mbendera yonseyi, nyimbo mumaimba kusukulu zija, iwe ukufuna kukaonetsa Kafue yense atate ako ali pansi pa matako a mzungu?"

"Ndi mmene ndinaonera."

Anatambasula dzanja, kuchotsa dalaivala uja, n'kumufinya pakati pa zala ziwiri. Anaphwanyika ngati chikoko cha nshawa. Laimu anatsala pa chala chawo chachikulu.

"Umba wina. Wakuda. Umuveke kapusi iyi, umuimike pa zenera."

Dalaivala amene anamuphwanyayo ndinamuumba kangapo asanaime bwino.

"Koma inu simuyendetsa sitima."

"Ndayendetsapo! M'shedi muja, azunguwo akakhala pa tiyi wawo, amene amasuntha injini kupita nayo pa madzi ndani? Funsa a Mweemba!"

"Ine sindinaone."

"Wati bwanji?"

"Sindinaone. Munati chimene sindinaone ndi maso anga ndisachiike pa chitseko ichi."

Dzanja lawo linakwera. Ndinatseka maso, koma silinatsike. Amayi anali ataima pakhomo ndi lichero.

"A Banda, mwayamba kulimbana ndi dothi tsopano? Iwenso Lameki, pakamwa pakopo padzakupweteka."

Atate anapukuta chala chawo pa buluku la kutchalitchi, chinthu chimene sakanachita ali bwinobwino.

"Chabwino," anatero. "Unyamule wekha. Ine sindingasenze manyazi anga kudutsa nawo pamsika."

Masiku otsatirawo ndinakwiya monga mwana yekha amathera kukwiya, ndi thupi lonse. Nshima sinkatsika. Ndinkati mumtima: lamulo analipereka okha, ine ndalisunga, ndiye wolakwa ndakhala ine? Akanandimenya zikanakhala bwino, chifukwa chikwapu chimatha. Koma anangobwerera ku moyo wawo wakale. Ankadutsa chitseko chija ngati ndi mulu wa zinyalala, kusamba madzi akali otentha, kudya, kugona.

Amayi anandipeza ndikutola zidutswa za dalaivala.

"Dothi ladzaza mtsinje wonse uja," anatero. "Kuumba kamunthu kamodzi kuti atate ako asangalale, chikukuvuta n'chiyani?"

"Ndi bodza, amayi."

"Ha, mwana wa Banda weniweni. Mitu yanu nonse ndi ya njanji."

Sindinaumbe wakuda. Mzungu winanso sindinaumbe, chifukwa ndinkaopa zala zija. Kachipinda ka dalaivala kanatsala kopanda munthu, ndipo atate a dongo anatsala pamene ndinawaika.

Tsiku la chikondwerero linacha ndi kutentha kwa mwezi wa Okutobala, kumene kumayamba dzuwa lisanakwere. Atate anavala jekete n'kutuluka okha osanena kumene akupita. Ndinayesa kukweza chitseko ndekha, mlatho unapendekeka. Ba Mweemba anandiona ali pakhonde pawo.

"Shani mufana? Ba tate bako bali kuti?"

Ndinawongola mlatho uja, iwo n'kutsika pakhonde.

"Tiye, gwila uko. Sitima siyembekeza munthu."

Tinadzera pamsika ndithu, chifukwa ba Mweemba sakanalola kuti anthu asawaone. Amayi ogulitsa tomato anaimirira, ana anatitsatira akulira ngati injini. Zonse zinachitika monga ndinkalotera, koma kumbuyo kwa chitseko kunali munthu wina, ndipo ndinayenda njira yonseyo ndikukukuta mano.

Kusukulu anayala zinthu zathu pa madesiki pansi pa mitengo. Sitima yanga inakoka anthu ambiri, makamaka amuna a kunjanji, amene anayamba kutsutsana za mawilo ndi za kutalika kwa mlatho ngati akukamba za zinthu zenizeni. Itatha nyimbo ya fuko, a Tembo anabwera ndi mlendo wolemekezeka wochokera ku Boma, mnyamata ndithu, wa suti yakuda ndi mpango woyera m'thumba. Anakankha injini ndi chala, inayenda mpaka pa mlatho osagwa.

"Ntchito yabwino kwambiri," anatero. Kenako anasuzumira pa zenera. "Nanga woyendetsa ali kuti? Kapena ndi sitima ya mizimu?"

Anthu anaseka. Pamenepo ndi pamene ndinawaona atate. Anali ataima kumbuyo kwa gulu, chipewa m'manja. Anabwera ndithu.

"Yankha, Lameki," a Tembo anandinong'oneza.

Ba Mweemba, amene sankatha kupirira bata, analowererapo.

"Dalaivala alipo, bwana! Uyu apa." Anatola kamunthu ka kansanza kaja pamene injini inakasiya, n'kukakweza m'mwamba kuti onse akaone. "Aba ni ba Banda bathu ba ku shedi, onani na kapusi. Kwelani ba Banda, manje ni Zambia!"

Anthu anaomba m'manja. Mayi wina analuluta. Amuna ena anatembenuka kuyang'ana atate, ndipo kwa kanthawi kochepa ndinaona nkhope yawo ikumasuka.

Ba Mweemba anakalowetsa m'kachipinda ka dalaivala. Koma ine ndinakaumba kowerama, ndipo kanauma kowerama. Sikakanatha kuima. Kanagwa chafufumimba, mutu pansi, matako pa zenera. Ba Mweemba anakadzutsa, kanagwanso chimodzimodzi. Anayesa kukatsamiritsa ku khoma la chitini, kanatsetsereka.

"Apukuta pansi!" wina anakuwa kumbuyo. "Musiyeni, anazolowera!"

Kuseka kumene kunabuka pamenepo ndimakumvabe. Sikunali kwa nkhanza. Ambiri mwa osekawo anali opukuta anzawo, onyamula katundu, okumba m'mbali mwa njanji, ndipo ankadziseka okha. Mlendo uja anaseka atatseka pakamwa ndi mpango. A Tembo anaseka chifukwa mlendo waseka. Atate okha sanaseke. Anavala chipewa chawo mosafulumira, kutembenuka, n'kuyenda kulowera ku chipata, msana uli chilili.

Ndinamenya dzanja la ba Mweemba ndi mphamvu zanga zonse.

"Asiyeni! Ndani wakuuzani kuti muwagwire?"

Anthu onse ananditembenukira. Mwana kumenya munthu wamkulu, pamaso pa mlendo wa ku Boma, pa tsiku la ufulu. A Tembo anandigwira khutu n'kundikokera kuseri kwa kalasi, ndipo sukulu itatsegulidwanso ndinalandira zikwapu pamaso pa anzanga onse. Sindinalire. Ndinali nditakwiyira anthu ambiri moti sindinadziwe woyamba kumulirira: ba Mweemba ndi manja awo osakhazikika, gulu lija, mnyamata wa suti, ndi atate, amene akanakhala kumbuyo kwa chitseko monga analonjezera palibe akanayerekeza kugwira kanthu.

Chitseko sindinabwere nacho kunyumba. Ana a m'makalasi ang'onoang'ono anagawana mawilo ndi masipoko. Atate sanafunse. Ba Mweemba anabwera madzulo ena, kukhala nawo pakhonde, kukamba za mvula imene inachedwa, ndipo nkhani inathera pomwepo monga zimathera pakati pa amuna. Kwa ine sinathe. Mawu a atate anabwerera kukhala otuma, ndipo za sitima sitinakambenso.

Pasanapite zaka zambiri kunabwera injini za dizilo. Oti akaphunzire kuziyendetsa anasankhidwa mwa anyamata a masetifiketi a ku sekondale. Atate sukulu anailekera pa kulemba dzina. Dalaivala wakuda woyamba amene ndinamuona anali wamng'ono kwa iwo ndi zaka zambiri. Tsiku limene anaima pa siteshoni ya Kafue amayi analuluta, ena anayala zitenje pansi, ndipo atate anaomba nawo m'manja. Injini za malasha zinakankhidwira kumapeto kwa yadi kuti zichite dzimbiri. Nthawi imeneyo tchire la kuseri kwa tauni linali litagwetsedwa, mafakitale akumera, ndipo atate anapeza malo ku fakitale ya feteleza, kuyang'anira moto wa boyila, mphika wa nthunzi. Anagwira kumeneko mpaka kupuma. Tsiku lina ndinawamva akuuza amayi kuti ntchito ndi yomwe ija, kungoti injini iyi sipita kulikonse. Pa injini yoyenda sanakwerepo.

Kwa nthawi yaitali mkwiyo wanga unakhala pa iwo. Ndinkati anali munthu wopereka lamulo limene iye mwini sangalipirire. Tsopano ndapitirira msinkhu umene anali nawo Lamlungu lija, ndipo ndimaona mosiyana. Sankandipempha kuti ndiname. Ankafuna kuti pakhale malo amodzi okha pa dziko lino, ngakhale aang'ono ngati chitini cha mkaka, pamene aimirira pamalo pamene ankadziwa kuti mpawo. Ine sindinalakwe kuumba zimene ndinaona. Iwonso sanalakwe kuzikana.

Ndiye chifukwa chake mkwiyo sunathe, unangosamuka. Panali anthu amene anakonza zinthu mwadala kuti mwamuna wamkulu, wodziwa ntchito yake, afike popempha mpando kwa mwana wake, mpando wa dothi, n'kumanidwa. Anthuwo anamanga katundu wawo n'kupita, za ife sanamve n'komwe. Amene anabwera pambuyo pawo anafunsa pepala la sukulu. Zotsala zonse zinagwera m'nyumba mwathu, pakati pa anthu awiri amene ankakonda chinthu chimodzi.

Lero mwana akandionetsa chimene wajambula kapena kuumba, ine n'kumva mtima ukutentha, ndimayamba ndakhala chete. Ndimadzifunsa ngati ndakwiyira mwanayo kapena chimene waona. Kawirikawiri si mwanayo.